Nthano Zochenjeza za Dziko la M'tsogolo

Lero nkhani yathu tiyambira pa Chitakale, m'boma la Mulanje, pamene msewu wa ku Phalombe umapatukira. Pamalo pamenepa, pakati pa minda ya tiyi, pali sitolo ndi msika, ndipo tsiku lililonse munthu amasankha yekha chogula ndi chosiya. Kusankha kumeneku tingakuyese kanthu kakang'ono, komatu alipo alembi amene analemba mabuku athunthu ofotokoza m'mene munthu angalandidwire ufulu wake ali m'kati mogula zinthu, iye osazindikira.

Mabuku otere ndi nthano zopeka zoonetsa dziko la m'tsogolo limene zinthu zapotoka. Mlembi salosera ngati mneneri ayi. Iye amatenga khalidwe limene akuliona pakati pa anthu a nthawi yake, nalikuza, kuti tione kumene lingatifikitse likapanda kuletsedwa.

Alembi amenewa amati pali njira ziwiri zomangira anthu. Yoyamba ndi ya chikoti. George Orwell, m'buku lake la Nineteen Eighty-Four la mu 1949, anaonetsa boma limene limazonda munthu aliyense usana ndi usiku, nililanga ngakhale woganiza mosiyana nalo. Yachiwiri ndi ya nyambo. Aldous Huxley, m'buku la Brave New World la mu 1932, anaonetsa anthu ophunzitsidwa kuyambira ali makanda kuti chinthu chikatha asachisoke koma agule china, ndipo akakhumudwa amamwa mankhwala oiwalitsa mavuto. Anthu otere safuna mlonda, pakuti ndende yawo amaikonda.

Njira yachiwiriyi alembi ambiri amaiika m'midzi ya anthu opeza bwino ya m'mphepete mwa mizinda, kumene banja lililonse lili ndi nyumba yake, mpanda wake ndi galimoto yake. Ray Bradbury wa ku America, m'buku la Fahrenheit 451 la mu 1953, akusimba za munthu amene ntchito yake ndi kutentha mabuku, pamene mkazi wake amangokhalira kuonera kanema amene wadzaza makoma atatu a chipinda, nalakalaka khoma lachinayi. M'nthanoyo anthu anayamba okha kutaya mabuku boma lisanawaletse.

J. G. Ballard wa ku England anapitirira pamenepo m'buku la Kingdom Come la mu 2006. Iye akufotokoza za chimsika chachikulu cha sitolo zambirimbiri kunja kwa mzinda wa London, chimene anthu amachilemekeza ngati kachisi. Atakhuta ndi kutopa nako kugula, anthuwo amayamba kufuna china chowasangalatsa: amavala malaya a mbendera, kuguba m'misewu ndi kuzunza alendo okhala pakati pawo. Mtsogoleri wawo ndi munthu wotsatsa malonda pa kanema. Ballard akuti nkhanza zingamere ngakhale pamalo pamene palibe njala.

Mwina wina afunsa kuti, kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Malaŵi? Achikulire amene akumvera ayankha okha. M'nthawi ya chipani chimodzi, munthu wopanda khadi ya chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika kapena pokwera basi. Lamulo la mu 1973 linkanena za kavalidwe koyenera, ndipo bungwe loyesa mabuku, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, linkaletsa mabuku amene boma silinawafune. M'zaka za m'ma 1970 amwenye a malonda analamulidwa kuchoka m'madera akumidzi ndi kukakhala m'mizinda ikuluikulu, pamene sitolo za PTC zinali pansi pa kampani ya Press imene mwini wake anali Dr. Banda. Motero msika ndi ulamuliro zinali zolukana ngati nkhata. Zimenezi zinayamba kutha anthu ataponya voti pa 14 June 1993 kusankha zipani zambiri.

Alembi athu sanakhale chete. Legson Kayira analemba The Detainee mu 1974 ali kunja kwa dziko lino. Jack Mapanje anabisa mawu ake m'mikuluwiko, komabe anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991. Iwowa analimbana ndi chikoti. Amene anayang'ana nyambo ndi Shadreck Chikoti, m'buku lake la Azotus the Kingdom limene linatuluka mu 2015. Nthano yake ikuchitika mu Africa patapita zaka 500, m'dziko limene munthu amakhala m'nyumba yakeyake, napatsidwa zosowa zake zonse, koma osadziwana ndi anzake.

Apa ndi pamene pagona phunziro, omvera. Mabuku amenewa sakunena kuti kugula wailesi, njinga kapena lamya ya m'manja ndi tchimo. Mayi wothyola tiyi amene wagula malata a nyumba yake wachita bwino, ndipo umphawi si ufulu. Chimene akutichenjeza ndi chakuti munthu akamadziyesa wogula chabe, amaleka kufunsa za amene akumulamulira, ndipo mnansi wake akatengedwa usiku iye amangotseka zenera. Chikoti chimapweteka, choncho munthu amachizindikira msanga. Nyambo imakoma, ndiye chifukwa chake ili yoopsa. Paja akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono aphunzitsi ndi makolo, mukawapeza mabuku amenewa m'nyumba zowerengeramo, apatseni ana awerenge, ndipo mukambirane nawo. Afunseni kuti m'nthanoyo ndi ndani anali ndi mphamvu yokana, nanga anaitaya tsiku liti.