Geni yotola mayina otha nthawi pa intaneti: phindu lilipo, koma amadya ndani?

Msuweni wanga amene amachita geni ya mpunga kwa Mposa m'boma la Machinga adandiimbira foni sabata yatha ali ndi funso limodzi. Ali ndi K400 000 yomwe wapeza atagulitsa mpunga ku Liwonde, ndipo amafuna kudziwa ngati ndi nzeru kuichotsa pa mpunga n'kuiika pa geni ina yomwe waiona pa YouTube: kutola mayina a pa intaneti omwe eni ake aiwala kulipira, n'kudzawagulitsa pa mtengo wokwera. Akuti muvidiyomo mnyamata wina wakunja amadzitama kuti adagula dzina pa madola 10 n'kuligulitsa pa madola zikwi zingapo, osatuluka ndi thukuta lomwe.

Ndidamuuza kuti ayambe wadikira tiwerengere limodzi. Geniyo ilipodi, si bodza, koma momwe imayendera n'zosiyana ndi momwe amaikambira m'mavidiyo.

Dzina tikunenali ndi lomwe amalitcha domain, adiresi ija mumalemba pafoni kapena pakompyuta yothera ndi .com, .org kapena .mw. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti dzinali siligulidwa kuti likhale lanu mpaka kalekale. Mumachita lendi, chaka ndi chaka, monga momwe mumalipirira malo a benchi mumsika. Kusiyana kwake n'kwakuti mumsika wa Nsanama kapena Ntaja mukajomba chifukwa cha maliro, oyandikana nanu amakusungirani malo, ndipo wodula matikiti amakudziwani nkhope. Pa intaneti wodula tikiti ndi kompyuta, ndipo imangoona tsiku.

Pa mayina othera ndi .com, omwe tsopano alipo oposa 150 miliyoni, malamulo amaika ndi bungwe la ICANN, pomwe kaundula wake amasunga ndi kampani ya Verisign ya ku America. Tsiku lolipira likadutsa, dzina silimasuka pompo. Kampani yomwe mudalembetserako itha kukudikirani mpaka masiku 45, ngakhale ambiri sadikira masiku onsewo. Kenako pamabwera masiku 30 oti mutha kuliwombola, koma pamenepo mumalipira chindapusa chomwe nthawi zambiri chimafika madola 80 kapena kuposerapo. Zikakanika, dzinalo limakhala masiku 5 lili lotseka, palibe angalikhudze, kenako limagwa. Likangogwa, aliyense padziko lapansi ali ndi ufulu wolilembetsa.

Apa m'pomwe pali mpikisano, ndipo aliyense amene adapikulako nsomba padoko la Mposa aumvetsa msanga. Bwato likamakocheza, matemba abwino amakhala ali ndi eni kale: ogula akuluakulu omwe adapereka ndalama kwa msodzi dzulo lake. Wobwera ndi beseni limodzi amatola zotsala. Pa intaneti ogula akuluakuluwo ndi makampani ngati DropCatch, SnapNames ndi NameJet. Ali ndi makompyuta omwe amatumiza mapempho ochuluka zedi pa sekondi yomwe dzina likugwa, ndipo ena adalembetsa makampani ang'onoang'ono mazanamazana kuti akhale ndi makomo ambiri olowera ku kaundula. Munthu amene ali ndi foni ndi bandulo ya sabata, netiweki n'kumadukaduka kuseri kwa phiri la Chikala, sangawapambane. Chomwe angachite n'kulipira kampani ngati zimenezi, pafupifupi madola 60 kapena kuposa pa dzina limodzi, kuti imugwirire. Ofuna dzinalo akakhala awiri kapena kuposa, limapita pa okushoni ndipo amatenga ndi wandalama zambiri. Mayina ena abwino safika n'pogwa pomwe, chifukwa makampani olembetsa ngati GoDaddy amawagulitsiratu pa okushoni yawo masiku odikira aja asanathe.

Tsiku lililonse amagwa mayina zikwi makumi angapo. Ambiri ndi zinyalala, mayina ataliatali omwe ngakhale mwini wake adaona kuti alibe ntchito.

Nkhani zomwe zimakopa anthu ndi zoona ndithu, koma muzimve bwino. Mu September 2015, Sanmay Ved, yemwe adagwirapo ntchito ku Google, adapeza dzina la google.com likuoneka kuti likugulitsidwa ndipo adalilipira madola 12. Adakhala nalo pafupifupi mphindi imodzi yokha kampaniyo isanalitengenso. Adamuthokoza ndi madola 6 006.13, ndipo adawonjezera kawiri atamva kuti ndalamayo aipereka ku ntchito zachifundo. Mu 1999, Microsoft idaiwala kulipira dzina la passport.com, zomwe zidasokoneza anthu ogwiritsa ntchito Hotmail, mpaka munthu wina wapadera adawalipirira madola 35. Nkhani ziwirizi zikuonetsa kuti ngakhale makampani olemera amalakwitsa. Koma onani kuti m'nkhani zonsezi dzina lidabwerera kwa mwini wake. Ndipo dzina la voice.com, lomwe lidagulitsidwa pa madola 30 miliyoni mu 2019, silidatoledwa pansi. Kampani ya MicroStrategy idalisunga zaka zambiri ikulipira chaka ndi chaka mpaka wogula adapezeka.

Tsopano tiwerengere ndalama ya msuweni wanga. Pa mtengo wa ku banki, womwe wakhala cha m'ma K1 750 pa dola, K400 000 ndi madola pafupifupi 228. Dzina wamba la .com limalipiridwa pafupifupi madola 12 kapena kuposa pachaka, ndiye kuti apeza mayina 19 basi. Akafuna kudzera mwa makampani ogwira aja, apeza atatu okha. Anthu omwe akhalitsa pa geniyi amawerengera kuti pa mayina 100 omwe munthu akusunga, pachaka limagulidwa limodzi kapena awiri. Ndi mayina 19, msuweni wanga atha kudikira zaka zitatu mpaka zisanu asanagulitse ngakhale limodzi, uku chaka chilichonse akufunanso madola 228 ena kuti mayinawo asamuthawe. Mpunga mukaupikula n'kulephera kuugulitsa, mumadya ndi ana. Dzina losagulika simungalitenthe n'kuotha moto.

Ndipo ndawerengera pa mtengo wa ku banki, ngati kuti madola akupezeka. Amalonda mukudziwa nokha momwe ndalama zakunja zakhala zikuvutira m'dziko muno, ngakhale pambuyo poti kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Makampani olembetsa mayinawa amafuna khadi ya ku banki yotha kulipira kunja. Mukadzera kwa munthu wapakati kuti akulipirireni, mtengo umakwera, ndipo dzinalo limakhala mu akaunti yake, osati yanu.

Palinso malamulo. Ena amaganiza kuti nzeru n'kutola dzina la banki, hotela kapena kampani yodziwika, n'kudikira kuti eni ake abwere kudzaliwombola. Kuyambira mu 1999, ICANN ili ndi ndondomeko yoti mwini chizindikiro cha malonda atha kukadandaula, nthawi zambiri ku bungwe la WIPO ku Geneva, ndipo akaonetsa kuti mudalembetsa dzinalo ndi mtima wofuna kumukama, limalandidwa popanda kukubwezerani tambala. Kudandaulako kumayambira pa madola 1 500. Kwa kampani yaikulu imeneyi ndi ndalama yochepa. Kwa kalabu ya alimi kapena mwini loji yaing'ono ndi yoposa K2.6 miliyoni, ndiye wamng'ono akatayitsa dzina lake nthawi zambiri amangolisiya.

Apa m'pomwe nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu, chifukwa ife sitili kumbali ya otola ayi, tili kumbali ya otayitsa. Ku Liwonde kuli malo ogona alendo, eni maboti oyendetsa alendo pa mtsinje wa Shire ndi ogulitsa ziboliboli omwe makasitomala awo amachokera kunja kudzaona nyama ku Liwonde National Park. Kuli makopaletivi a mpunga m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi a thonje ku Balaka. Ena mwa amenewa ali ndi masamba a pa intaneti omwe adawapangira ndi pulojekiti inayake kapena mnyamata wodziwa kompyuta. Kawirikawiri zimayenda chonchi: wopangayo amalembetsa dzina m'dzina lake, ndi imelo yake, n'kulipira chaka chimodzi kapena ziwiri. Pulojekiti imatha, mnyamatayo amapita ku Joni. Malamulo a ICANN amati kampani itumize zikumbutso pakatsala mwezi umodzi komanso sabata imodzi, ndipo imatumizadi, koma ku imelo yomwe palibe akutsegula. Eni bizinesi amadzazindikira tsiku lomwe mlendo wawauza kuti atalemba adiresi ili pachikwangwani chawo adapeza tsamba la juga. Otolawo amakonda mayina otere chifukwa amakhala adakali ndi anthu owalemba ndi masamba ena olozako. Choopsa kwambiri n'chakuti amene watenga dzinalo athanso kulandira maimelo onse otumizidwa ku adiresi yanu yakale, kuphatikizapo a kasitomala wofunsa kuti alipire kuti.

Ngati bizinesi kapena kalabu yanu ili ndi dzina lotere, funsani lero mafunso awiri: lidalembetsedwa m'dzina la yani, ndipo likutha liti? Tsiku lothera si chinsinsi, aliyense atha kuliona polemba dzinalo pa tsamba lofufuzira la ICANN. Imelo yolandirira zikumbutso ikhale yomwe mumatsegula nokha, ndipo isakhale yothera ndi dzina lomwelo, chifukwa dzinalo likatseka nayonso imatseka. Chaka chikayenda bwino lipiriranitu zaka zingapo; pa .com amalola mpaka zaka 10. Mayina othera ndi .mw ali ndi kaundula wakewake, yemwe kwa zaka zambiri wakhala m'manja mwa Malawi SDNP, ndipo masiku odikira ndatchula aja musawatenge ngati akukhudzanso amenewa. Funsani komwe mudalembetsa.

Ambiri mwa inu mulibe tsamba la pa intaneti, koma muli ndi chinthu chofanana nacho ndendende: nambala ya foni. Nayo ndi ya lendi. Mayi ake a msuweni wanga yemweyu, omwe kwa ine ndi azakhali, adachita geni ya matemba ndi milamba zaka zambiri, ndipo makasitomala awo a ku Zomba ndi ku Limbe ankawadziwa ndi nambala imodzi. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018 adasiya kaye geni n'kupita kumunda, simukhadi ya geniyo n'kuisunga m'kachitini pamodzi ndi ziphaso zakuchipatala. Madzi atabwerera adakaiika m'foni, koma idali itafa. Nambala idali itaperekedwa kwa munthu wina. Palibe adawabera, kampani iliyonse ya foni imatenganso nambala yomwe yakhala miyezi osagwira ntchito. Koma makasitomala ankaimbabe, n'kumayankhidwa ndi munthu wachilendo, ndipo mmodzi adatumizako ndalama ya oda asanafunse. Azakhali adatha nyengo yathunthu akuyenda m'misika kugawa nambala yatsopano, ndipo makasitomala ena adali atazolowera kale kugula kwa anthu ena.

Ochita geni ya nsomba, nthawi yoopsa ndi ya dzinja pomwe nyanja imatsekedwa. A mpunga ndi thonje, ndi miyezi yodikira kukolola. Simukhadi ya geni isagone m'chitini. Muziikamo mayunitsi ngakhale ochepa n'kuimbako mwezi ndi mwezi. Ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha mwana kapena cha ejenti amene adakugulitsani, chifukwa ikasowa kapena kubedwa, yemwe angaibwezeretse ndi mwini chiphasocho. Pa WhatsApp ikani PIN ya manambala 6 ija, ndipo mukasintha nambala musamutse akauntiyo musanataye simukhadi yakale. Uzani makasitomala kuti asanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba azionetsetsa kuti dzina lomwe latuluka ndi lanu. Tsamba la Facebook la shopu likhale ndi oyang'anira awiri, mmodzi akhale inuyo.

Kwa achinyamata odziwa kompyuta omwe geni ya mayinayi yawakopa, ndikuona kuti ndalama yeniyeni ili pafupi kuposa momwe akuganizira. M'malo molimbana ndi makompyuta a ku America, yendani m'maloji, m'masukulu a pulayiveti ndi m'makopaletivi a ku Liwonde ndi ku Balaka, muwaonetse tsiku lomwe dzina lawo likutha, mupangane nawo kuti muziwakumbutsa ndi kuwathandiza kulipira, dzinalo likhalebe lawo. Malipiro ake ndi a makwacha, ndipo mpamba wake ndi bandulo ndi ya thiransipoti.

Msuweni wanga adamvetsera mpaka pamapeto, kenako adandipempha kuti ndione ngati dzina la kalabu yawo ya mpunga lili ndi mwini pa .com. Lidalibe, ndipo sindikuona yemwe angalithamangire posachedwa. K400 000 ija yabwerera ku mpunga. Lachisanu akukapikula matumba ku sikimu ya Domasi. Tisanadule foni adakumbukira kuti simukhadi yomwe amalandirira ndalama za geni idalembetsedwa ndi chiphaso cha mng'ono wake, yemwe pano ali ku Nampula. Wati Lolemba alawirira ku Liwonde kukafunsa momwe angasinthire.