Batire la sola likufa msanga? Musathamangire kuloza chala mitambo

Mwagulitsa mbewu, mwagula sola ndi batire. Miyezi yoyamba zonse zili bwino: ana akuwerenga usiku, foni yotumizira malipoti a zaumoyo ili ndi moto, koloboyi waiwalika. Koma chaka chisanathe, babu layamba kuzima nsima yamadzulo isanapse. Zikatere ambiri amadandaula za mitambo kapena wogulitsa. Komatu nthawi zambiri chimene chimapha batire ndi katchajidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake.

Mabatire ali mitundumitundu

M'mayiko monga Britain ndi South Africa muli magalimoto otchedwa motorhome, okhala ndi bedi ndi khitchini mkati, omwe mabanja amayendera pa tchuthi. Galimoto yotere imakhala ndi mabatire awiri. Loyamba ndi lolizira injini: limatulutsa moto wambiri kwa masekondi ochepa, kenako injini imalidzazanso. Lachiwiri, lotchedwa leisure battery kapena deep cycle, limatulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri poyatsa mababu ndi furiji, ndipo eni ake ambiri amalitchaja ndi sola ya padenga la galimotoyo.

Nyumba yanu ikufuna batire la mtundu wachiwiriwu. Batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitha moto usiku uliwonse, choncho mukalipatsa ntchito ya m'nyumba limatopa msanga ngakhale mutagula latsopano.

Osalumikiza sola molunjika ku batire

Sola yolembedwa kuti ndi ya mavolti 12 imatulutsa mavolti pafupifupi 18 dzuwa likaswa mtengo, ndipo ikakhala yosalumikiza imapitirira 20. Batire la mtovu ndi asidi limafuna mavolti pafupifupi 14.4 potchaja, ndipo likadzadza mphamvuyo iyenera kutsitsidwa. Mukangomanga mawaya a sola ku batire, lidzapitiriza kulandira moto litakhuta kale. Madzi a mkati amaphwa, batire limatentha, ndipo zitsulo zake zimawonongeka.

N'chifukwa chake pakati pa ziwirizi pamafunika kabokosi kotchedwa charge controller, komwe ena amati regulator. Kamachepetsa moto batire likadzadza, ndipo usiku kamaletsa moto kubwerera ku sola. Ka mtundu wa PWM n'kotsika mtengo ndipo kamakwanira pa sola yaing'ono. Ka MPPT n'kodula, koma kamakolola moto wochulukirapo pa sola yomweyo.

Polumikiza, yambani ndi batire ku controller, sola ibwere pambuyo. Pochotsa, yambani ndi sola. Waya wofiira apite pa chizindikiro cha +, wakuda pa −, ndipo ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi batire. Fyuzi ndi yotchipa, koma mawaya akagundana ndi yomwe ingapulumutse denga lanu laudzu.

Theka ndi lanu, theka ndi la batire

Batire la mtovu lisamatsike kupitirira theka. Likamatheratu moto kawirikawiri, kapena likakhala masiku lili lopanda moto, pa zitsulo zake pamamera timibulu touma totchedwa lead sulphate, ndipo malo osungira moto amachepa osabwereranso. Mukayeza ndi multimeter batire litapuma maola angapo, mavolti 12.6 kapena 12.7 akutanthauza kuti ndi lodzadza. Likafika cha pa 12.1, latsala theka, zimitsani zinthu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la 100Ah la mavolti 12 limasunga 1,200Wh, kotero gawo lanu ndi 600Wh. Mababu anayi a LED a mawati 5 akayaka maola 5 amadya 100Wh. Wailesi yakanema ya mawati 40 ikayaka maola 4 imadya 160Wh. Mukaphatikiza mafoni atatu, mwafika pafupifupi 300Wh. Sola ya mawati 100 ikalandira dzuwa lamphamvu maola 5 iyenera kupereka 500Wh, koma moto wina umatayika m'mawaya ndi m'batire momwemo, ndiye yembekezani pakati pa 350 ndi 400. Pamenepa zinthu zikuyenda. Koma mukawonjezera simbi kapena ketulo yamagetsi, mukutapa m'nkhokwe kuposa zomwe mukuthiramo.

Sola nayo imafuna chisamaliro. Popeza tili kummwera kwa equator, ipendeketseni pang'ono moyang'ana kumpoto. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango ukhoza kudula moto wambiri ngakhale mbali ina yonse ili padzuwa. M'chilimwe pukutani fumbi ndi kansalu konyowa m'mamawa sola isanatenthe. Masiku a chiperoni kapena a mvula yamvumbi, chepetsani wailesi yakanema kuti batire lipeze mpata wodzadza.

Batire ndi thanzi la banja

Batire la madzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe suoneka koma umaphulika ukakumana ndi moto. Musaliike kunsi kwa bedi kapena m'kabati yotseka. Likhale pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi osuta fodya, komanso pomwe mwana wokwawa sangafike.

Madzi akatsika, thirani madzi a batire okha, omwe amagulitsidwa m'mabotolo olembedwa distilled water. A pamjigo kapena pachitsime ali ndi mchere womwe umaliwononga. Musawonjezere asidi. Mabatire omata, monga a gel ndi AGM, satsegulidwa ndipo sathiridwa madzi.

Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, vulani chovala chomwe chanyowa, kenako pitani kuchipatala. Mwana akamwa madzi a batire musamusanzitse, chifukwa asidiyo amawotchanso pobwerera. Thamangirani naye kuchipatala.

Choopsa china ndi mtovu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe umadziwika kuti ndi wabwinobwino. Mwa ana umasokoneza kukula kwa ubongo, ndipo mwana akhoza kumavutika m'kalasi popanda chizindikiro china chooneka. Mwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana ali m'mimba. Choncho batire lakufa musaliswe, musasungunule zitsulo zake pakhomo, ndipo musalisiye pabwalo pomwe ana amasewera. Liperekeni lathunthu kwa ogulitsa mabatire omwe amalandira akale.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mukamayendera mabanja mumafunsa za chimbudzi, dzenje la zinyalala ndi neti ya udzudzu. Mukaona sola padenga, onjezerani mafunso atatu: batire lili pati, controller ilipo, nanga lakale linapita kuti?