N'chifukwa chiyani phiri limaoneka ngati chulu pa foni?

Lero tikambe za kujambula malo, ndipo chitsanzo chathu ndi Table Mountain mukaima pagombe la Bloubergstrand ku Cape Town. Ndi maso, phirilo ndi chimphona chopitirira mamita 1,000, koma pa chithunzi chimene mwatumiza kumudzi pa WhatsApp pamangooneka kachulu. Chimachitika n'chiyani?

Lenzi yaikulu ya foni ndi yotakata. Imameza malo ambiri, ndiye zakutali zonse zimachepa. Ngati foni yanu ili ndi lenzi ya 2x kapena 3x, jambulirani imeneyo. Zomakoka ndi zala kupitirira pamenepo zija ayi, chithunzi chimangochita chimbuuzi.

Kenako yatsani grid mu settings za kamera. Mizere inayi ija imagawa sikirini m'magawo 9. Pamene madzi akumana ndi tsinde la phiri pasakhale pakati penipeni. Kukakhala mtambo uja umayala pamwamba pa phiri, paikeni pamzere wam'munsi. Mukafuna miyala ndi mafunde, pamzere wam'mwamba. Pawongoke ndithu, apo ayi nyanja imakhala ngati ikutayikira mbali imodzi.

Nanga mnzanu wofuna kuonekamo? Akaima pafupi, amaliphimba phiri. Bwererani m'mbuyo masitepe angapo, mumuike chakumbali, mujambule ndi 3x. Phiri lidzatuluka lalikulu kumbuyo kwake.

Pomaliza, pitani chakumadzulo. Pa Blouberg mumayang'ana kumwera, ndiye dzuwa limalowera kudzanja lamanja n'kuonetsa bwino makwinya a phirilo. Kayeseni Loweruka likubwerali, mutiuze.