Kodi mumadziwa kuti nkhawa imadwalitsa m'mimba?

Munthu akada nkhawa, magazi ambiri amachoka m'matumbo kupita kuminofu, ndipo chakudya sichigayika bwino.

Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline ndi cortisol, zokonzekeretsa thupi kuthawa zoopsa. Vuto n'lakuti thupi silisiyanitsa njoka ndi ngongole. Mlimi wa kachewere ku Tsangano amene chiwawu chalowa m'munda mwake, ngongole ya feteleza asanabweze, amatha masabata mtima ukuthamanga, tulo tosabwera, m'mimba mukupotokola.

Kupuma mofatsa, makamaka kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kumachepetsa liwiro la mtima. Kuuzako mnzanu zakukhosi kumathandizanso. Koma ululu ukapitirira, musazengereze, pitani kuchipatala.