Kuchepa kwa mchere wa zinki kumaika ana pachiopsezo cha chibayo

KASUNGU: Makolo a m'dera la Mfumu Yaikulu Lukwa m'boma la Kasungu ayenera kusamala zakudya za ana awo osaposa zaka zisanu chifukwa kuchepa kwa mchere wa zinki m'thupi kumafooketsa chitetezo cha mwana ku matenda monga chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Kafukufuku wa dziko lonse yemwe boma lidachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana pafupifupi 60 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ankaperewera mcherewu.

Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mabanja ambiri amadalira nsima ndi phala la chimanga lokha. Chimanga chili ndi zinki wochepa, komanso chili ndi zinthu zina zimene zimalepheretsa thupi kuyamwa bwino mcherewu. Vutoli limakula kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene chakudya chimachepa m'makomo ndipo makolo amatanganidwa ndi ntchito ya fodya.

Zinki amapezeka m'zakudya monga usipa, matemba, nyama, chiwindi, mazira, nyemba, mtedza ndi nthanga za maungu. Kuthira nsinjiro kapena usipa wosinja m'phala kumathandiza mwana kupeza mcherewu. Mwana ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira.

Mu 2004, mabungwe a WHO ndi UNICEF adalangiza kuti mwana wotsegula m'mimba azipatsidwa Thanzi ORS pamodzi ndi mapilitsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14.

Komabe, zinki si mankhwala ochiza chibayo. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40, akufunika kuonedwa ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Ngati nthiti zikulowa m'kati popuma, kapena mwana akulephera kuyamwa, athamangire naye kuchipatala.

Katemera woteteza ku chibayo adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Novembala 2011 ndipo ndi waulere m'zipatala za boma. Makolo apewenso kukhazika ana m'khitchini modzaza utsi wa nkhuni, chifukwa utsiwo umawononga mapapo a ana.