Njira ya Wodwala Chotupa cha Kapamba m'Zipatala za Boma ku Cape Town

Munthu amene akuganiziridwa kuti ali ndi chotupa cha kapamba, chiwalo chokhala kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini ndi timadzi togaya chakudya, sayambira pa chipatala chachikulu, chifukwa zipatala za boma ku Western Cape zimatumizirana odwala mwa ndondomeko. Amayambira ku kiliniki ya m'dera lake, ndipo akaoneka ndi chikasu, kuwonda kosadziwika bwino kapena ululu wa m'mimba wolasa kumsana, amapatsidwa kalata yopita nayo ku chipatala monga cha Mitchells Plain, Victoria kapena Khayelitsha. Kuchokera kumeneko amatumizidwa ku Groote Schuur, chipatala chophunzitsira cha University of Cape Town chimene chinatsegulidwa mu 1938, kapena ku Tygerberg, chogwira ntchito ndi Stellenbosch University. Kalatayi ndi yofunika kuisunga bwino, pakuti khansa ya kapamba nthawi zambiri imadziwika mochedwa, ndipo kubwezedwa chifukwa cha pepala kumadya nthawi imene wodwala alibe.

Imodzi mwa njira zofufuzira chotupachi ndi anjiyogilafi, kumene ndi kujambula mitsempha ya magazi pothiramo mankhwala amene amaoneka pa ekisileyi. Koma masiku ano madokotala amayamba ndi sikani ya CT, imene masamu ake Allan Cormack anayamba kuwalingalira mu 1956 akugwira ntchito pa Groote Schuur pomwepo, nadzalandira mphoto ya Nobel mu 1979. Chithunzicho chimasonyeza ngati chotupa chazinga mitsempha ikuluikulu yopita ku matumbo ndi ku chiwindi, ndipo pa chimenechi ndi pamene madokotala a opaleshoni, a zithunzi ndi a khansa amakhalira pamodzi kugamula ngati chotupacho chingachotsedwe.

Kulowetsa kachubu ka anjiyogilafi mu mtsempha wa m'mphechepeche, motsatira njira imene Sven Ivar Seldinger anafotokoza mu 1953, kumasungidwira ntchito zapadera. Chotupa chotchedwa insulinoma, chimene chimatsitsa shuga m'magazi mpaka munthu kukomoka, chimatha kuchepa kwambiri moti sikani siichiona, choncho dokotala amathira kashiamu m'mitsempha ya kapamba umodziumodzi, nayeza insulini m'magazi ochokera ku chiwindi kuti adziwe mbali imene chabisala. Kachubu komweko kamatsekera mtsempha umene ukutaya magazi pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya kapamba yotchedwa Whipple, ndipo apa kamapulumutsa moyo popanda kung'ambanso mimba.

Zonsezi siziyenera kuchitika wodwala asanavomere. Lamulo la zaumoyo la mu 2003, National Health Act, limalamula kuti afotokozeredwe za matenda ake, njira zothandizira zimene zilipo, kuopsa kwake, mtengo wake ndi ufulu wake wokana, m'chinenero chimene akumva ngati kuli kotheka. Mmalawi amene Chingerezi chimamuvuta ayenera kupempha womasulira asanasaine. Ayeneranso kuulula ngati ali ndi vuto la impso, ali woyembekezera, kapena amamwa metformin kapena mankhwala osungunula magazi. Malipiro amawerengedwa potengera zimene munthu amapeza, m'magulu a H0 mpaka H3, ndipo mlendo amafunsidwa mapepala ake, koma gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1996 limaletsa kukaniza aliyense chithandizo chadzidzidzi.