Kaliwo saopa madzi, amaopa kunyikidwa

Pa ntchito yanga yokonza akaliwo akale, palibe funso limene limautsa mkangano kuposa la madzi. Ndikangonena kuti kaliwo wa briar ndimamutsukira pampopi, nkhope zimasintha. Osuta ambiri anauzidwa ndi akuluakulu awo kuti kaliwo akangolawa madzi ndiye kuti watha: atupa, ang'aluka, aola. Mantha amenewa ali ndi pogwira, koma anthu amawaika pamalo polakwika.

Briar si thabwa wamba. Ndi chotupa chimene chimakula m'nthaka, pakati pa thunthu ndi mizu ya chitsamba chotchedwa Erica arborea, chomera m'mapiri ouma ozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Corsica, Italy, Greece, Spain ndi Algeria. Ntchito ya chotupacho ndi kusunga madzi kuti chitsamba chipirire chilimwe, komanso kuti chiphukirenso moto wolusa ukadutsa. Okumba amadikira zaka 30 kapena kuposerapo chisanakhwime. Akachikumba sachisiya padzuwa, amachisunga chonyowa kuti chisang'aluke. Ocheka akachidula m'zidutswa amaziwiritsa m'madzi kwa maola ambiri kuti utomoni wowawa utuluke, kenako n'kuziumitsa pang'onopang'ono kwa miyezi, ena mpaka zaka. Amisiri a ku Saint-Claude ku France, komwe kusema briar kunayamba cha m'ma 1850, amalandira mtengo umene unaphikidwa kale. Ndiye madzi ofunda a mphindi imodzi angauchite chiyani?

Komanso kaliwo amanyowa tsiku lililonse. Fodya amene mumaikamo amakhala ndi chinyezi, ndipo tsamba likamapsa limatulutsa nthunzi. Nthunziyo ikafika pakhosi pa kaliwo, pomwe n'pozizira, imasanduka madzi. Kulira kuja koti kholokholo mukamakoka utsi ndi madzi amenewo. Kampani ya Peterson ya ku Dublin inalidziwa vutoli kalekale, moti cha m'ma 1890 inatulukira kaliwo wokhala ndi kadzenje m'khosi kongotolera madzi. Ndipo si madzi abwino. Ndi osakanikira chikonga, mwaye ndi malovu, ndipo akakhalitsa amasasa. Kaliwo wowawasa amene anthu amabwera naye kwa ine sanawonongeke chifukwa chotsukidwa, anawonongeka chifukwa chogona ndi madzi akudawo kwa zaka.

Njira yakale yotsukira kaliwo ndi ya mowa waukali: kunyika kotsukira m'khosi mu vodka, kapena kudzaza mutu wa kaliwo ndi mchere n'kudonthezera mowa, n'kusiya usiku wonse. Ndimaigwiritsabe ntchito, chifukwa utomoni wakuda womata m'khosi umasungunuka bwino ndi mowa. (Sipiriti wofiirira wa kusitolo ayi, anamuthira poizoni dala kuti anthu asamamwe, ndipo kaliwo ndi chinthu chopita kukamwa.) Koma fodya wambiri wa kaliwo amathiridwa shuga ndi zonunkhiritsa, ndipo shuga amamvera madzi kuposa mowa. Chikonga nachonso chimasungunuka m'madzi. N'chifukwa chake kaliwo amene wakana mchere kawiri konse nthawi zina amagonja pampopi. Amene amavuta ndi osutidwa fodya wofukizidwa ndi utsi, monga Latakia kapena chikopa chathu chino, chomwe chimalowa m'mafodya ena aukali a ku England. Fungo lake limalowerera, ndipo pamafunika madzi ndi mowa, zonse ziwiri.

Mmene ndimachitira ndi motere. Ndimadikira kaliwo azizire, chifukwa kuzula chakukamwa akadali wotentha ndi kumene kumang'amba khosi. Ndimachizula mopotoza n'kuchiika patali ndi mpopi. M'mutu mumakhala mwaye wouma womatirira m'mbali ngati nkhoko mumphika wa nsima. Wochepa ndi wabwino, umateteza mtengo ku moto, koma ukaposa milimita imodzi kapena imodzi ndi theka ndimaupala kaye. Kenako ndimatsegula madzi ofunda, oti dzanja langa likhoza kupirira osalichotsa, n'kuwalowetsa kumutu kuti atulukire kukhosi. Oyamba amatuluka ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake lotsamwitsa. Ndimalowetsa kaburashi kakang'ono m'khosi, makamaka pamphako yolowamo chakukamwa, pomwe nyansi zimabisala, n'kupukusa mpaka madzi ayere. Mphindi imodzi, zikavuta ziwiri. Ndimapukuta kunja nthawi yomweyo, mkati ndimapisamo pepala lofewa lopotoza, m'khosi zotsukira zouma mpaka chomaliza chituluke choyera.

Briar ndi wolimba kwambiri moti m'kanthawi kotero madzi amangonyowetsa pamwamba. Chimene chimamupweteka ndi kumusiya m'beseni masana onse, kenako n'kumuika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Kunja kumauma msanga mkati mukadali monyowa, ndipo mtengo umang'aluka. Malo ake ndi pamthunzi podutsa mphepo, kwa tsiku lathunthu.

Tsono pali zinthu zimene madzi amawonongadi, ndipo ndikuganiza kuti mantha aja anachokera pamenepa. Chakukamwa chakuda cha akaliwo ambiri akale ndi cha vulcanite, labala youmitsidwa ndi sulfure. Ikakumana ndi madzi otentha imachita mbuu, n'kusanduka yobiriwira mofiirira, ndipo imawawa palilime. Kuibwezeretsa ndi ntchito ya sandipepa wosalala ndi maola angapo. Cha acrylic chilibe vuto limeneli, koma chimadana ndi mowa. Kunja kwa mutu kumapakidwa phula la carnauba, lochokera m'masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Madzi amalizimiritsa, ndipo kaliwo amaoneka wotuwa mpaka mutamupakanso. Utoto wofiira nthawi zina umatsalira pakansalu. Pa akaliwo otsika mtengo, timaenje ta mtengo timatsekedwa ndi phala lomatira, lomwe limatha kufewa n'kugwa.

Pamene ambiri amathyolera kaliwo ndi pobwezeretsa chakukamwa. Mphako ya khosi ikanyowa imasintha kukula pang'ono, chakukamwa n'kumakana kulowa kapena kumagwedera. Munthu amachikakamiza, khosi n'kuti thee! Musalimbane nacho. Mawa lake chimalowa chokha, ndipo ngati chikugwederabe, kusuta kawiri katatu kumachigwiritsa.

Pali ena amene sindiwayandikiza kumpopi. Wa meerschaum, mwala woyera wofewa wa ku Eskişehir ku Turkey, amamwa madzi n'kufewa. Wa chitsononkho cha chimanga, monga opangidwa ku Missouri ku America, ali ndi guluu ndi pulasitala. Chimodzimodzi wa khosi la nsungwi, ndi aliyense amene ali kale ndi mng'alu. Ndinenenso poyera, poti ena amasokoneza: kaliwo woyera amakoma, koma utsi wake ndi womwe uja umene madokotala amatichenjeza kuti umayambitsa khansa ya m'kamwa ndi pakhosi.

Kaliwo wa tsiku ndi tsiku safuna mpopi sabata iliyonse. Kotsukira kouma mukangomaliza kusuta, ndi kumupumitsa tsiku limodzi, n'zokwanira. Madzi ndimawasungira amene wayamba kuwawasa, ndi amene mwagula kwa munthu wina osadziwa kuti ankasutiramo chiyani.